Mayi ndi mwana wake, matenda amodzi a OCD: lipoti la banja lina la mu Lusaka

Lipotili ndalemba ndi chilolezo cha banja lomwe ndikulikamba. Mayina sindiwatchula, ndipo zina zomwe zikanawazindikiritsa ndazisintha. Ndine mlangizi wa za maganizo pa kiliniki ina ya m'komboni muno mu Lusaka. Ndikulembera makamaka anzanga a ntchito, manesi ndi alangizi, chifukwa odwala OCD, matenda a maganizo okakamira amene amakakamiza munthu kubwerezabwereza zochita zina, amayamba afika kwa inu asanafike kwa ine, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi dandaulo lina.

Mmene anafikira

Woyamba kuonekera anali mtsikana wa zaka 17, wa giredi 12, mu Meyi 2024. Iye anabwera kudzafuna mafuta opaka m'manja basi. Nesi amene anamulandira ndiye anadzandigogodera pakhomo, nati ndikaone manjawo ndekha. Zikhatho zinali zofiira, khungu litang'ambika m'mfundo za zala, ming'alu ina ikuchucha magazi, ndipo fungo la klorini linkamveka ndili chapatali. Nesi atamufunsa kuti amasamba m'manja kangati patsiku, mtsikanayo sanayankhe. Anatembenukira kukhomo. Kumeneko kunali amayi ake, a zaka 41, ataima ngakhale benchi inali ndi malo, dzanja atalikulunga ndi nsonga ya chitenje kuti lisakhudze chitseko.

Banjali ndi la Achewa ochokera ku Katete, koma ana onse anabadwira muno. Bambo amayendetsa galimoto ya katundu ndipo amakhalitsa pamsewu. Pali mwana wina wamwamuna wa zaka 13. Mayiyo ankagulitsa tomato, anyezi ndi repu pa kantemba pafupi ndi nyumba, koma pofika nthawi imeneyi anali atasiya kwa miyezi itatu.

Chiyambi chake

Aliyense wa mu Lusaka akukumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 n'kufika pachimake mu Januwale 2024. Boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala malo othandizira odwala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 700 anamwalira. Mng'ono wawo wa mayiyu anali mmodzi mwa iwo. Dzulo lake anadyera limodzi nsima, mbale imodzi, ndiwo zake anaphika mayi athuwa. Maliro a kolera sayenda monga tinazolowera: abale sasambitsa thupi, anthu sakhala ambiri, zonse zimachitika mofulumira. Mayiyo anandiuza kuti, "Sindinamugwireko n'komwe. Ndinangotsala ndi funso loti, kodi si ndiwo zanga zija?"

Poyamba anachita zimene tonse tinkauzidwa pa wayilesi: kuthira klorini m'madzi akumwa, kusamba m'manja ndi sopo, kudya chakudya chikadali chotentha. Palibe akanawadzudzula. Koma mliri utatha, anzawo atabwerera ku moyo wa masiku onse, iwo anapitirira n'kumawonjezera. Klorini yemwe amayenera kuthiridwa mwa muyeso wolembedwa pabotolo ankamuthira kawiri kapena katatu m'chigubu chomwecho, chifukwa sankakhulupirira kuti athiradi. Masamba ankawatsuka kasanu ndi kawiri mpaka kufota. Ndalama za pepala ankazipukuta ndi kansalu konyowa ndi klorini n'kuziyanika pawindo, ndipo n'chifukwa chake anasiya kantemba: sakanatha kulandira ndalama m'manja mwa anthu tsiku lonse. Aliyense wochokera kunja ankayenera kuvula nsapato ndi zovala zapamwamba pakhonde, kusamba m'manja mayiyo akuwerenga mpaka 50, ndipo akasokoneza kuwerenga ankayambiranso.

Chaka chomwecho kunali chilala, magetsi ankazima maola ambiri ndipo madzi pampopi ankasowa. Banja lomwe kale linkakwanira ndi zigubu zinayi za malita 20 patsiku linafika pa khumi. Amene ankatunga madzi onsewo anali mtsikana uja, m'mamawa asanapite kusukulu.

Nditafunsa za m'mbuyo, zinaoneka kuti kolera sinabweretse matendawa, inangowapatsa chovala chatsopano. Mayiyo atabereka mwana woyamba ankadzuka kakhumi usiku kukaona ngati akupuma, ndipo kwa zaka ankabwerera panjira kukaona ngati mbaula yazimadi. Anatinso malemu bambo awo kumudzi ankazungulira khola la mbuzi katatu usiku uliwonse, akugwira chitseko, ndipo wina akawayankhula ankayambiranso. Anthu ankangoti ndi munthu wosamala.

Zimene ndinapeza powaona aliyense payekha

Mayiyo anali aukhondo, oyankhula bwino, odziwa tsiku ndi malo. Sankamva mawu a anthu osaoneka, sankakhulupirira kuti wina akuwalodza kapena kuwathira poizoni. Maganizo amene ankawazunza anali amodzi: chithunzi cha ana awo atagona pabedi la kolera chifukwa cha dzanja lawo. Ankadziwa kuti akuchita mopitirira. "Ndikudziwa kuti madziwo ndi abwino, alangizi. Koma muli kapitawo m'mutu mwangamu. Akati bwereza, ndikapanda kubwereza mtima umachita ngati uphulika." Mawu akuti kapitawo ndinawatola, ndipo ndi amene tinagwiritsa ntchito mpaka kumapeto. Tulo ankagona pang'ono, thupi linali litatsika, ankalira kawirikawiri. Ndinawafunsa mosabisa za maganizo odzipha. Anati nthawi zina amalakalaka atangogona osadzuka, koma sanaganizepo zodzivulaza, chifukwa cha ana. Funso limeneli ndinkalibwereza ulendo uliwonse.

Funso lawo loyamba kwa ine linali lakuti, "Kodi munditumiza ku Chainama?" Kwa anthu ambiri muno dzina la chipatala chimenechi limangotanthauza misala, ngakhale kuti kumeneko kumathandizidwa matenda a maganizo a mitundu yonse, ambiri mwa odwala akuchokera kunyumba. Ndinawauza kuti matenda awo ali ndi dzina, kuti si misala, ndipo kuti mwa anthu 100 alionse, awiri kapena atatu amadwala OCD pa nthawi ina ya moyo wawo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anakhala pansi pampando koyamba.

Mtsikanayo ndi amene anandivuta kumumvetsa. Poyamba ndinkaganiza kuti sakudwala, akungomvera amayi ake. Mbali ina zinalidi choncho. Anayamba kusamba mowerenga mu Febuluwale chifukwa akakana amayi ankalira usiku wonse. Ndiye anali woyang'anira malamulo amayi akatopa: ankaimitsa mlongo wake pakhonde, ankalawa madzi ngati klorini akumveka, ndipo maulendo osawerengeka patsiku ankayankha funso lomwelo, "Wasamba? Ukunena zoona? Ndi sopo?" Koma nditamufunsa zimene amachita kusukulu, kumene amayi ake kulibe, anaweramitsa mutu. Ankanyamula kabotolo ka madzi a klorini m'chikwama. Sankalowa m'chimbudzi cha kusukulu tsiku lonse. Ndipo anali ndi chake chimene amayi ake sankachidziwa: akagwira chitsulo cha m'minibasi ankayenera kunena chamumtima kasanu kuti "amayi asafe", akalakwitsa n'kuyambiranso. Zimenezi palibe anamuphunzitsa.

Ndinawayesa ndi muyeso wa Yale-Brown, umene Wayne Goodman ndi anzake anatulutsa mu 1989. Uli ndi mafunso khumi, asanu a maganizo okakamira ndi asanu a zochita zokakamizika, ndipo mapointi ake amayambira pa 0 kufika pa 40. Mayiyo anapeza 29, kutanthauza matenda aakulu. Mtsikanayo, pa mtundu wa muyesowu wopangidwira ana ndi achinyamata, anapeza 21, matenda apakatikati.

Dzina la matendawa

Mnzanga wina atamva nkhaniyi anati ndi folie à deux, vuto lija limene madokotala a ku France, Lasègue ndi Falret, analifotokoza mu 1877, pamene munthu mmodzi amapatsira wina wa m'nyumba mwake chikhulupiriro chabodza chosagwedezeka. Kufanana kulipo: anthu awiri ogwirizana kwambiri, wina wamkulu wina womvera, nyumba yotsekeka kwa alendo. Koma sindinavomereze. Mu folie à deux munthu amakhulupirira ndi mtima wonse ndipo saona cholakwika. Awa onse awiri ankadziwa kuti zikupitirira muyeso, ankachita manyazi, ankafuna kusiya koma ankalephera. Kusiyana kumeneku n'kofunika chifukwa kumasintha chithandizo. Akanalembedwa kuti ndi matenda osokoneza mutu, akanapatsidwa mankhwala amene sakanawathandiza, ndipo uphungu wakale pa folie à deux ndi kuwalekanitsa anthuwo.

Ndinaganiziranso za chisoni cha maliro chimene sichinathe, ndi matenda a kukhumudwa. Zonse ziwiri zinalipo mwa mayiyo, koma pambali pa OCD, osati m'malo mwake.

Nanga matendawa anadutsa bwanji kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana? Njira ndi ziwiri, ndipo m'banja ili zonse zinali zotsegula. Yoyamba ndi magazi: zimadziwika kuti amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi ali ndi OCD amakhala pa chiopsezo chachikulu kuposa ena, ndipo pano tinali ndi agogo, mayi ndi mdzukulu. Yachiwiri ndi imene ndikufuna anzanga aimvetse, kugonjera kwa a m'nyumba. Wodwala akachita mantha, om'konda amam'thandiza kuchita zimene matenda akulamula: amam'tungira madzi, amasamba mmene iye akufunira, amam'tsimikizira kuti zonse zili bwino. Mtima umatsikadi kwa mphindi zochepa. Koma ubongo umaphunzira kuti tapulumuka chifukwa chosamba, ndipo mawa umafuna zochuluka. Wothandizayo nayenso, akachita zimenezi miyezi, amayamba kumva mantha omwewo akapanda kuzichita.

Kwathu kuno kugonjera kumeneku kumabisala m'chinthu chabwino, ulemu. Mwana wamkazi woyamba sakana amayi ake, makamaka amayi amene ali pa chisoni. Aneba ankamutama mtsikanayu kuti ndi mwana womvera. Mnyamata wa zaka 13 uja, amene ankathawa kusamba n'kukadyera kwa anzake, ndiye ankatchedwa wamwano, pamene pa nkhani ya matendawa ndi iye yekha amene anali bwino. Bambo nawonso ankagonjera mwa njira yawo: akabwera ku ulendo ankasamba panja ndi kusintha zovala osatsutsa, kenako anayamba kuvomera maulendo ataliatali kuti asamakhale pakhomo. Tsiku limene anabwera ku kiliniki anati, "Anthu akaona nyumba yathu amasirira ukhondo. Chikomekome cha nkuyu."

Chithandizo, ndi pamene ndinalakwitsa

Chithandizo chodalirika cha OCD ndi njira yotchedwa ERP, imene Victor Meyer anaiyambitsa ku London mu 1966. Munthu amayandikira chimene amachiopa, kuyambira chopepuka, kwinaku akudziletsa kuchita chimene matenda akumulamula, mpaka ataona yekha kuti mantha amakwera n'kutsika popanda kusamba.

Ndinayamba ndi mtsikanayo yekha, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo mayiyo ankazengereza. Kumeneku kunali kulakwitsa kwanga. Ndinamuuza kuti asiye kuyankha funso lija la "wasamba?". Anakayesa madzulo omwewo. Amayi ake anamva ngati mwana wawagalukira, anati, "Lero wakula eti? Akuphunzitsa mwano kuchipatalako?" ndipo sanadye masiku awiri. Mtsikanayo anabwera sabata yotsatira manja ataipa kuposa kale. Ndinali nditamutuma mwana kukaphwanya lamulo la amayi ake m'nyumba ya amayi ake, popanda iwo kudziwa chifukwa. Milungu itatu inatayika.

Ndinapepesa kwa mayiyo pamaso pa mwana wawo, ndipo tinayambiranso, banja lonse pamodzi. Ndinajambula papepala mzere wozungulira: ganizo, mantha, kusamba, mpumulo, ganizo kachiwiri. Ndinafunsa aliyense kuti aloze pamene iye amalowera. Mtsikanayo analoza pa mpumulo. Mayiyo anayang'ana pepalalo, kenako manja a mwana wawo, nati, "Ndiye kuti kapitawo wanga uja walemba ntchito mwana wanga." Palibe chimene ine ndikananena choposa pamenepo.

Chimene chinatsegula njira ndi chakuti lamulo latsopano linachokera pakamwa pa mayiyo. Anatembenukira kwa mwana wawo nati, "Mwana wanga, kuyambira lero ndikakufunsa kachiwiri usandiyankhe. Ndine ndakuuza. Ndikakwiya, udziwe kuti si ine." Tinagwirizana mawu oti mtsikanayo azinena, aulemu koma osasintha: "Amayi, ameneyo ndi kapitawo. Munandiuza kuti ndisamuyankhe. Ndikhala nanu pano mpaka zitsike." Tsopano pokana sankachita mwano, ankamvera. Chiganizo chomalizacho chinali chofunika kwambiri, chifukwa mtsikanayo ankaopa kuti kusiya kuyankha ndi kusiya amayi ake okha.

Vuto lina linali lenileni, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Mabuku ambiri a ERP analembedwa kumene madzi a pampopi ndi otetezeka. Kuno kolera si nthano. Inapha mu 2017 ndi 2018, inaphanso mu 2024, ndipo m'makomboni ngati Kanyama zitsime zosaya zili pafupi ndi zimbudzi zokumba. Sindikanawauza kuti asiye klorini. Choncho tinaitana mnzathu wa zaumoyo wa m'dera, ndipo tinalemba pepala limodzi loti likhomedwe kukhitchini: klorini kamodzi pa chigubu, mwa muyeso wa pabotolo, chigubucho n'kuchimanga kansalu kusonyeza kuti chathiridwa, kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, musanaphike ndi musanadye, kwa masekondi 20, kamodzi, masamba kutsuka ndi madzi otetezeka n'kuphika. Chilichonse choposa pepalalo chinali cha kapitawo. Pepalali linachotsa mkangano, chifukwa panalibenso chifukwa chokambirana tsiku ndi tsiku ngati madzi ali bwino.

Makwerero a mayiyo, kutanthauza mndandanda wa zimene ankaziopa kuyambira chopepuka, anayambira pa kukhala pabenchi ya kiliniki osapukuta, n'kukwera mpaka pa kulandira ndalama m'manja ndi kudya chakudya chophika wina. Tsiku la ndalama ndimalikumbukira bwino. Ndinatulutsa K20 yakale, yofewa ndi thukuta la anthu, n'kuiika m'dzanja lawo. Ndinawapempha kuti aifumbate, kenako agwire chitenje chawo ndi tsaya lawo. Mantha anati ali pa 9 mwa 10. Thukuta linatsika m'khosi, miyendo ikunjenjemera, maso ali pa beseni la pakona. Mtsikanayo anali pambali, milomo ikuyenda, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga kasanu kake kaja. Ndinamuuza kuti nayenso asiye, akhale ndi mantha ake monga amayi akukhalira ndi awo. Anakhala choncho awiriwo, osayankhula. Patapita mphindi 40 mayiyo anati afika pa 4, ndipo anadabwa okha: "Zatsika ndisanasambe." Ndalamayo anakagulira tomato pobwerera.

Dokotala wa matenda a maganizo amene timagwira naye ntchito anawayambitsa mayiyo fluoxetine wa 20 mg, n'kukweza pang'onopang'ono kufika pa 60 mg. Pa OCD mankhwalawa amafuna mlingo wokwera kuposa wa kukhumudwa, ndipo phindu lake limatha kutenga milungu 8 mpaka 12 kuti lioneke. Tinawachenjeza zimenezi poyamba pomwe, chifukwa ambiri amasiya pa sabata yachitatu poganiza kuti sakugwira ntchito. Anamva mseru masiku oyamba, kenako unatha. Mtsikanayo sanapatsidwe mankhwala a maganizo, koma mafuta a manja okha ndi ERP.

Za mng'ono wawo tinazipatsa nthawi yakeyake. Mayiyo anali asanapiteko kumanda chiikireni maliro. Mu Ogasiti anapita ndi amuna awo ndi azimayi awiri a kumpingo, anakalira mmene sanalirire mu Januwale. Abusa awo, amene poyamba ankaganiza kuti nkhaniyi ndi ya mizimu yoipa, anavomera kupitiriza kuwapempherera koma kusiya kuwayankha akafunsa mobwerezabwereza ngati Mulungu wawakhululukira imfa ija, pakuti funso limenelonso linali litasanduka kusamba kwa mtundu wina.

Pa holide ya Ogasiti yomweyo mtsikanayo anapita kwa azakhali ake ku Chipata milungu iwiri. Sitinakonze ife, koma zinatiphunzitsa kanthu. Kusamba mowerenga kunatha m'masiku atatu, chifukwa kunyumba kumeneko palibe ankakufuna. Koma mawu aja a chamumtima anawonjezeka, ndipo ankaimbira amayi ake foni kangapo patsiku kuti amve ngati ali moyo. Zobwereka zinagwa zokha, zake zinatsala. Tikanangowalekanitsa n'kuona manja akupola, tikanati wachira. Atabwerako tinalimbana ndi zimenezo mwachindunji: kugwira chitsulo cha m'minibasi osanena kanthu, ndi kulemba papepala chiganizo chimene ankachiopa kwambiri, chakuti amayi akhoza kudwala tsiku lina, n'kumachiwerenga mpaka chitasiya kumuwotcha.

Mmene zilili

Titakumana maulendo 16, mu Okutobala 2024, mayiyo anatsika kuchoka pa 29 kufika pa 17. Kutsika koposa 35 peresenti kumawerengedwa kuti chithandizo chagwira, koma 17 akadali matenda, ndipo sindinawabisire. Mtsikanayo anafika pa 9, manja anapola, mayeso analemba. Madzi anatsika kufika pa zigubu zisanu. Kantemba kanatsegulidwanso, ngakhale mayiyo amakondabe kuti ogula alipire pa foni, ndipo tikudziwa tonse kuti pamenepo kapitawo akubisalapo.

Mvula itayamba, ngalande zitadzaza ndipo wayilesi itayambanso kuchenjeza za kolera, zinthu zinabwerera m'mbuyo. Mayiyo anathira klorini kawiri kwa masiku anayi, n'kuimitsa mnyamata uja pakhonde kuti avule yunifolomu. Tinali titakambirana kale kuti nyengo imeneyi idzakhala yovuta, choncho anabwera okha tsiku lawo lisanakwane. Tinawonjezera maulendo atatu, n'kugwirizana kuti mankhwala apitirire kwa chaka chimodzi osachepera, ndiponso kuti tizionana mwezi uliwonse mpaka mvula itatha.

Pa ulendo womaliza ndinafunsa mtsikanayo chimene anachita masiku anayi aja. Anati usiku wachiwiri amayi anamufunsa katatu ngati wasamba. Koyamba anayankha. Kachiwiri ananena mawu athu aja, mawu akunjenjemera. Kachitatu sananene kanthu, anangokoka mpando n'kukhala pafupi nawo kukhitchini, akusenda nawo anyezi wa mawa, mpaka amayi anati, "Chabwino, kagone."